Sipanala ya Fulaide

Mpopi wa kukhitchini unayamba kulira mu Okutobala,
mwezi umene ngakhale mbuzi za ku Nchalo
zimakana kutuluka pansi pa ngolo.
Tho. Tho. Tho.
Usiku wonse, ngati mwini ngongole
amene sagogoda mwamphamvu koma sachoka pakhomo.

Ndinatchera beseni. Linasefukira.
Ndinamanga mphira wa chubu cha njinga,
kuzunguliza kasanu ndi kawiri monga ankachitira Fulaide.
Dontho linangosamuka, n'kukatulukira kumbali
ngati mbewa yotsekeredwa una.

Bilu itabwera ndinakhala pansi pakhonde.
A Watabodi sadziwa kuti muno ndatsala ndekha,
mita yawo ikuwerengabe anthu asanu ndi mmodzi.

Bokosi lake la zitsulo lagona kuseri kwa chitseko
chaka chachitatu tsopano.
Ndimasesa molizungulira.
Tsiku limenelo ndinaligwadira, n'kukweza chivundikiro:
fungo la girisi, la thukuta,
la utsi wa nzimbe zowotchedwa madzulo.
Sipanala inali pamwamba penipeni,
yosalala pamene pankakhala chala chake chachikulu.

Ku sitolo ya zitsulo, pafupi ndi pamene a kabaza amadikirira,
Nsayi, mwana wa a Dzongololo, anandimvetsera mpaka kumapeto.
"Amayi, vuto si inu.
Madzi a kuno ndi amchere,
amadya chitsulo monga chiswe chidyera nsichi."
Anandiikira m'dzanja kamphira kakuda
kochepa ngati batani la malaya,
ndi thepi yoyera yopyapyala ngati khoko la anyezi.
"Muyambe mwatseka ku mita. Mwamva? Ku mita."

Ndinamva. Ndinapita ku mita.
Koma ndinapotolera kumene sikuyenera.

Nditangomasula mutu wa mpopi
Shire yense analowa m'khitchini mwanga,
kumaso, m'makutu, m'chitini cha mchere,
nkhuku zinabalalika pakhomo,
ine chilili, chitenje chitamatirira m'miyendo,
ndikuseka.
Ndikuseka ndekha, mokweza,
kuseka kumene ndinakusiya ku manda tsiku lija.

Kachiwiri ndinatseka bwino.
M'kati mwa mpopi munali mutayera mbuu,
mchere utaundana m'mazinga,
wasa wakale atatafunika ngati chikamba cha bakayawo.
Ndinapala ndi nsonga ya mpeni.
Ndinalowetsa watsopano.
Thepi ndinakulunga motsata mazinga,
osati motsutsana nawo,
pakuti chitsulonso chili ndi njira yake yomvera.
Ndinamanga mpaka dzanja linati basi,
n'kukumbuka mawu ake: ukapyola pamenepo wathyola.

Nditatsegula ku mita ndinaima patali.
Paipi inatsokomola, inalavula dzimbiri,
kenaka madzi oyera, ofunda ngati tiyi,
poti dzuwa la kuno silisiya kanthu kozizira.
Ndinatseka.
Ndinadikira.
Zii.

Usiku umenewo tulo sitinabwere.
Ndinali nditazolowera mlendo wanga wogogoda.
Kunja kwa neti udzudzu unkaimba wokha,
mathirakita akutali akunyamula nzimbe,
ndipo m'kati mwa bata limenelo
ndinamva kwa nthawi yoyamba
thanki ya chimbudzi ikunong'ona, siii,
kampira koyandama katatopa kutseka.
Chabwino, ndinatero. Mawa ndi iwe.

Palinso paipi ya kuseri
imene madzi osefukira anaifukula chaka chatha,
yagona padzuwa, yauma ngati phesi la mapira.
Imeneyo ndidzaidula, ndidzalumikiza ya pulasitiki,
guluu ndamufunsa kale mtengo,
ndipo ndidzaikwirira mozama, kufika m'bondo.

M'mawa mai Nyakamera anasuzumira pampanda,
ndowa ili m'manja.
"Kwanu kwaleka kudontha. Mwapeza pulambala wa kuti?
Kwathu shawa yatseka maso onse."
Ndinapukuta sipanala pachitenje,
pamalo posalala paja
chala changa chikukwanapo ndithu.
"Mchere umenewo," ndinatero.
"Pitani mukatseke ku mita.
Ayi, dikirani. Ndikatseka ndekha."